Sabuside, mthirira, Mtukula Pakhomo kapena kulamula mitengo, boma liyambe ndi chiti kuti moyo upepuke?

Zoti zinthu zakwera mtengo palibe amene akutsutsa, aliyense akuzionera yekha akapita pa golosale kapena akakwera minibasi. Pamene timasiyana ndi pa funso loti boma liyambe ndi chani, chifukwa ndalama za mu bajeti sizingakwanire zonse nthawi imodzi ngakhale pa kampeni amalonjeza ngati zingatheke. Wina akuti fetereza atsike basi zina zonse zitsatira, wina akuti akweze malipiro, wina akufuna boma lingolamula mitengo ya shuga, simenti ndi mafuta ophikira ndipo wokana amutsekere shopu, ena akuti tipatseni ndalama pamanja tidzionera tokha. Njira zonsezi kwathu kuno tinaziyesapo kale, zina kangapo konse, ndiye tili ndi poyang'ana kuti iyi inatithandiza pati ndipo inatipweteka pati.

Maganizo anga ndinene poyamba pomwe. Kukwera mitengo ku Malawi kumachokera pa zinthu ziwiri, chimanga ndi madola. Chimanga chikakwera waganyu amakweza, wakabaza amakweza, mayi wa mandasi amakweza, chifukwa onsewo madzulo akufuna nsima. Kumayambiriro kwa 2025 thumba la makilogalamu 50 linafika pa K100,000 mmisika ina, ndalama yoposa malipiro a mwezi a anthu ambiri ogwira ntchito. Kumbali ya madola nkhani yake ndi yoti katundu amene timagula kunja pachaka amakwana pafupifupi madola 3 biliyoni pomwe amene timagulitsa amangozungulira pa 1 biliyoni, ndipo gawo lalikulu la ndalama imeneyo ndi fodya. Mafuta agalimoto, fetereza, mankhwala, masipeya, kaunjika, zonsezi ndi madola. Kwacha anaigwetsa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako 44 peresenti mu November 2023, koma madolawo kubanki anapitiriza kusowa, wabizinesi nkumakawagula pa bulaki pa mtengo woposa kawiri wa kubanki, ndiye mtengo umenewo ndi umene umatipeza ife pa shelefu. Choncho njira iliyonse ndikuiyeza pa zimenezi, kodi ikuwonjezera chakudya? ikudya madola kapena ikubweretsa? ndipo chaka chikatha imasiya chani?

Sabuside ya fetereza

Iyi ndiye yokondedwa, palibe chipani chingaime pa nsanja nkunena kuti tithetsa. Inayamba ndi Starter Pack nthawi ya a Muluzi mu 1998, kenako makuponi a a Bingu kuyambira 2005, kenako pulogalamu ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo ya AIP mu 2020 pomwe thumba linali K4,495. Ndipo tinene zoona, inathandiza. Amene anaona njala ya 2002 ndi ya 2005 akukumbukira mmene nkhokwe zinadzadzira zaka zotsatira makuponi atabwera. Mlimi wa ekala imodzi amene sangakwanitse thumba la pa shopu akapeza NPK ndi Urea pa nthawi yake mvula nkugwa bwino, banja lake limadya mpaka February osagula. Zimenezo si zazing'ono.

Koma vuto lake ndi lalikulunso. Fetereza pafupifupi yense amachokera kunja, ndiye pulogalamu imeneyi chaka chilichonse imamwa madola omwe akusowa kale aja, ndipo mtengo wake sitiulamula ife. Nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba mu 2022 fetereza anakwera padziko lonse, kwacha nayo nkugwa, mapeto ake mlimi anayamba kupereka K15,000 pa thumba ndipo chiwerengero cha opindula chinatsika kuchoka pa mabanja oposa 3 miliyoni chaka choyamba kufika pa 1 miliyoni ndi pang'ono. Ndiye mudzi umodzi anthu ochepa alandira ena onse ayi, afumu nkumadedwa, ndipo amene walandirayo nthawi zambiri amagawana thumba ndi achibale, mmunda mumangolowa theka la zofunika. Onjezani kuchedwa, fetereza wokulitsa kufika chimanga chitamasula kale, netiweki kuvuta pa depoti anthu nkumagona pamzere, mavenda kugula ziphaso za anthu osauka, ndi nkhani ija ya 2022 pomwe K750 miliyoni inaperekedwa ku kampani ina ya ku UK yomwe sinali yogulitsa fetereza nkomwe.

Chomwe chimandiwawa kwambiri ine ndi choti ndalama zonsezo timazibetcha pa mvula imodzi. Mu 2024 chilala cha El Niño chitabwera boma linalengeza za ngozi mmaboma 23 mwa 28, fetereza anali atathiridwa kale mminda, anangopsa ndi dzuwa. Madola anapita, chimanga palibe, nkufunikanso madola ena ogulira chimanga kunja. Komanso pulogalamuyi zaka zambiri yakhala ikutenga gawo lalikulu la bajeti ya unduna wa zaulimi moti alangizi alibe njinga zoyendera, kafukufuku wa ku Chitedze ndi Bvumbwe akuyenda mopempha, madipi a ng'ombe ambiri anafa. Nthaka nayo inatopa, chimanga chaka ndi chaka pa munda womwewo opanda manyowa opanda kasinthasintha, thumba lomwe kale linkatulutsa zambiri pano likutulutsa zochepa. Alimi eni ake anazindikira kale, nchifukwa chake ambiri akupanga fetereza wa Mbeya, kusakaniza ndowe, gaga, phulusa ndi fetereza pang'ono kuti atalikitse.

Sindikunena kuti ithe mawa, kutero kungakhale kupha anthu. Ndikunena kuti ikhale yochepa koma yofika mu October, ipite kwa amene ali ndi munda ndi mphamvu zolimira, ndipo ibwere pamodzi ndi mbewu za nandolo, soya ndi mtedza komanso mlangizi woti awonetse za manyowa. Agogo amene sangagwire khasu kuwapatsa kuponi ndi kungowatumiza kwa venda, iwowo njira yawo ndi ina, tifikako.

Mthirira ndi nkhokwe

Apa ndi pamene ine ndingaike ndalama zambiri. Dziko lili ndi nyanja kuyambira ku Karonga mpaka ku Mangochi, lili ndi Shire, Bua, Linthipe, Ruo, South Rukuru, koma timakolola kamodzi pachaka nkukhala miyezi isanu ndi iwiri tikuyang'ana kumwamba. Za Greenbelt, ndondomeko yothirira minda ndi madzi a mnyanja ndi mmitsinje, tinayamba kuzimva nthawi ya a Bingu. Ntchito yaikulu yomwe ikuoneka ndi ngalande ya Shire Valley Transformation Programme yomwe ikutenga madzi pa Kapichira kupita ku Chikwawa ndi Nsanje, cholinga chake ndi mahekitala oposa 43,000, ndi thandizo la World Bank ndi African Development Bank. Ubwino wake madziwo akuyenda okha motsetsereka osafuna mapampu a dizilo. Ikadzatha bwinobwino Lower Shire yomwe timaidziwa ndi njala ndi madzi osefukira ikhoza kumadyetsa Blantyre.

Kuipa kwake ndi koti imatenga zaka, imadya ndalama zambiri poyamba, ndipo namondwe ngati Ana wa 2022 kapena Freddy wa 2023 akabwera amagumula zomwe mwamanga. Palinso nkhani ya malo, ndani alandire puloti, kodi mwini munda wakale sasanduka waganyu pa malo ake omwe? Mafunso amenewa ndi enieni ndipo ma mega farm, minda ikuluikulu ija, nawonso akuyenera kuwayankha. Nchifukwa chake ine ndimaona kuti pambali pa ntchito zikuluzikuluzi ndalama yofulumira kubweza ili mmasikimu omwe alipo kale, Domasi, Likangala, Muona, Bwanje, Limphasa, Hara, Wovwe, ambiri mwa iwo ngalande zinakwiririka ndi mchenga, zitseko zamadzi zinaonongeka, msewu wopitako dzinja sudutsika. Kukonza zimenezo ndi kutchipa kuposa kuyamba zatsopano ndipo alimi ake alipo kale odziwa ntchito. Kuonjezera apo mapampu a sola a magulu ang'onoang'ono mmadimba, pa ngongole yopepuka, osati zogawa pa msonkhano wa chipani. Chimanga cha mthirira chimatuluka cha mu October mpaka December, nthawi yomwe mtengo umayamba kuthamanga, ndiye ngakhale chitakhala chochepa chimaziziritsa msika. Ndipo pampu ukagula chaka chino chaka chamawa ilipo, thumba la fetereza ayi.

Nkhani ya nkhokwe ndiye yosavuta kuposa zonse koma timailephera chaka ndi chaka. Mlimi amakolola mu April ndi May, ali ndi ngongole ya banki mkhonde, fizi ikudikira, sopo mnyumba mulibe. Venda wafika kale ndi sikelo yake pa mtengo wapansi, nthawi zina sikelo yomweyo yobera. Boma limalengeza mitengo yogulira mbewu koma ADMARC ndi NFRA, bungwe losunga chimanga cha boma, ndalama zimawapeza mochedwa, akamatsegula misika chimanga chili kale mmagodauni a anthu ena kapena chawoloka malire. Ikafika January mlimi yemwe uja akugula chimanga chake chomwe pa chigoba, mtengo kawiri kapena katatu. Ndalama yomweyo boma limatulutsa mu August itatuluka mu April, mlimi angapeze mtengo wabwino, masailo a ku Kanengo nkudzadza, ndiye nthawi ya njala nkutulutsa pang'onopang'ono kuti mtengo usapenge. Sizifuna dola ngakhale imodzi ngati chimangacho chagulidwa konkuno.

Koma tisaiwale mbiri. Njala ya 2002 inakula chifukwa chimanga cha mu nkhokwe za dziko chinali chitagulitsidwa, ndipo ADMARC yomwe inakhazikitsidwa mu 1971 inafika poitseka mu 2022 nkuchotsa antchito chifukwa cha ngongole ndi kusayenda bwino kwa zinthu. Ndiye kupereka ndalama kokha sikokwanira, pakufunika kuti mwezi uliwonse anthu adziuzidwa kuti mu nkhokwe muli matani angati, agula kwa ndani, pa mtengo wanji. Chinanso, chizolowezi chotseka malire mwadzidzidzi kuti mbewu zisatuluke chimapweteka mlimi yemwe walima zambiri, chaka chotsatira amachepetsa munda.

Kulamula mitengo

Iyi imakoma kumva ndipo ndimamvetsa chifukwa chake anthu amaifuna, mtima umawawa ukaona mtengo wa mmawa wasintha madzulo. Mavenda a kaunjika atayenda mu Lilongwe mu February 2025 mpaka ku Nyumba ya Malamulo sankanama, belo linali litakweradi mosaneneka. Koma boma likalamula mtengo wotsika kuposa umene wogulitsa wagulira, katunduyo amangosowa. Ku Zimbabwe mu 2007 analamula mashopu kudula mitengo, patangopita masabata ochepa mashelefu anali mbee. Ifenso tinaziona pa mafuta, petulo anakhala pa K2,530 kuyambira November 2023 kwa pafupifupi zaka ziwiri pomwe mtengo weniweni wobweretsera unali utakwera, zotsatira zake mizere ya masiku, anthu kugona mmagalimoto, ndipo mafuta omwewo nkumapezeka mzigubu kuseri pa mtengo wokwera kwambiri. Wa minibasi amene wagula mchigubu uja ndi amene amakulipiritsa iwe. Ndiye mtengo wotsikawo unali wa pa chikwangwani chabe.

Chomwe chili chothandiza ndi kulimbana ndi ogwirizana kukweza mitengo ndi obisa katundu, ntchito ya bungwe loona za chilungamo pa malonda la Competition and Fair Trading Commission, makamaka pa zinthu zomwe opanga ake ndi ochepa ngati shuga, simenti ndi mafuta ophikira. Imeneyo ichitike mwamphamvu. Koma kuika mtengo ndi cholembera ine ndikuiyika kumapeto kwenikweni. Kuletsa katundu wakunja mwadzidzidzi nakonso nkofanana, mu March 2025 tinaletsa zinthu zina kulowa, Tanzania nayo mu April inatibwezera, pomwe mafuta athu ambiri amadutsa pa Dar es Salaam.

Malipiro ndi misonkho

Malipiro otsikitsitsa anachoka pa K50,000 kufika pa K90,000 mu 2024 kenako K126,000 mu 2025, ndipo ndalama yosadulidwa msonkho inakwezedwa kufika K100,000 mu 2020 kenako K150,000. Mlonda, wantchito wa mnyumba, wa mu esiteti ya tiyi akuyenera kulandira zoti angadyere, pamenepo palibe zokambirana. Koma amene ali pa peyirolo ku Malawi ndi ochepa kwambiri, anthu ambiri ndi alimi, mavenda ndi aganyu omwe lamulo la malipiro siliwakhudza. Ndipo zinthu zikamakwera ndi pafupifupi 30 peresenti pachaka, ngati mmene zinalili mu 2024, zomwe wakwezeredwazo zimatha miyezi ingapo. Kuchotsa VAT nakonso sikuti kumafika kwa wogula nthawi zonse, pa mafuta ophikira anachotsa mu 2022 koma botolo silinatsike mmene anthu ankayembekezera, chifukwa vuto linali madola ogulira zipangizo. Ndi njira yoyenera kuchita, koma siyingatsogolere.

Mtukula Pakhomo

Pulogalamu iyi inayamba ngati yoyeserera ku Mchinji mu 2006 ndipo pano ili mmaboma onse, imalunjika mabanja osaukitsitsa omwe alibe munthu wamphamvu zogwira ntchito, pafupifupi banja limodzi pa khumi alionse. Agogo olera ana amasiye, aulumali, odwala nthawi yaitali. Anthu ena amanyoza kuti ndi kuphunzitsa ulesi, ine sindigwirizana nazo ngakhale pang'ono. Pitani kumudzi mukaone, ndalama imeneyo imagula ufa, yunifolomu, mbuzi imodzi, malata awiri, ndipo imathera pa msika wa pompo, wa golosale ndi wa chigayo nawo amapindula. Poyerekeza ndi kuponi, ndalama pa foni ndi yovuta kubera panjira ndipo siyifuna sitima yochokera kunja.

Zofooka zake zilipo ziwiri. Ndalamayo ndi yochepa ndipo siyikwera limodzi ndi mitengo, yomwe inkagula thumba pano ikugula zigoba zingapo. Chachiwiri, gawo lalikulu limachokera kwa abwenzi akunja monga World Bank, Germany, European Union ndi Ireland, boma lathu limaikapo zochepa. Tinaona mu January 2025 America itaimitsa thandizo la USAID mmene ntchito zambiri zaumoyo zinagwedezekera tsiku limodzi. Ndiye ndalama zina zomwe zingapulumuke pochepetsa sabuside zikuyenera kubwera kuno kuti pulogalamuyi ikhale yathu. Koma tidziwenso kuti ndalama pamanja siyilima, chaka cha chilala ukagawa ndalama chimanga pamsika palibe mtengo umangokwera. Imagwira bwino nkhokwe zikakhala ndi kanthu. Phala la kusukulu ndimaliika gulu lomweli, ntchito yogawa phala ya Mary's Meals inayambira konkuno mu 2002 ndipo ikudyetsa ana oposa miliyoni, mwana amene wamwa phala amakhala mkalasi mpaka kuweruka, komanso chimanga ndi soya wake akhoza kugulidwa kwa alimi a dera lomwelo.

Sukulu ndi chipatala

Moyo wabwino si nsima yokha. Pulayimale yaulere itayamba mu 1994 ana anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni chaka chimodzi, chinali chinthu chachikulu, koma makalasi ndi aphunzitsi sizinakule nawo, mpaka lero pali ana ophunzira pansi pa mtengo, mphunzitsi mmodzi ana oposa zana mu Sitandade 1. Phunziro lake ndi loti kuchotsa fizi kumapepuza kholo lero, koma ngati ndalama yolowa mmalo mwa fiziyo siyifika pasukulu nthawi yake, kholo lomwelo limalipirabe kudzera kwina, ma part time, mabuku, kapena sukulu ya pulayiveti. Sekondale yaulere ikuyenera kuyang'aniridwa ndi diso limenelo. Zambia inachotsa fizi mpaka sekondale mu 2022 koma inalembanso aphunzitsi oposa 30,000 chaka chomwecho, ndipo ngakhale choncho makalasi anadzadza.

Kuchipatala nkhani ndi yomweyo. Chipatala cha boma ndi chaulere, koma ukamva kuti mankhwala atha mukagule ku famase ndiye kuti ulere uja watha. Banja limodzi likhoza kugulitsa mbuzi zonse chifukwa cha matenda a sabata imodzi. Mankhwala ndi madola, ndiye ine ndinganene kuti madola ochepa omwe alipo mzere woyamba ukhale wa mankhwala ndi mafuta, ndipo kuba mankhwala mzipatala kukhale mlandu woti munthu amangidwedi. Madzi aukhondo nawo, kolera ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700, ambiri chifukwa cha madzi akumwa ndi zimbudzi. Mjigo wokonzedwa ndi wotchipa kuposa tenti ya odwala kolera.

Magetsi ndi njanji

Namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022 tinataya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo tonse tinaona, wometa, wowotcherera, wa chigayo, onse manja mkhosi. Magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje umodzi wa Shire, Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndiye Shire akadwala dziko lonse limadwala. Sola ya ku Salima ya mamegawati 60 ndi ya ku Golomoti zinathandizako, ndipo damu la Mpatamanga ndi nthambo zolumikiza ku Mozambique ndi zomwe zingasinthe zinthu. Fakitale yoyendera jenereta ya dizilo siyingapange katundu wotchipa, ndipo popanda fakitale tizingogulitsa soya ndi mtedza wosakonza nkumagula mafuta ophikira. Njanji ya ku Nacala nayo, mafuta ndi fetereza zobwera pa sitima zimatchipa kuposa mathanki oyenda pamsewu kuchokera ku Beira kapena Dar es Salaam. Izi sizitsitsa mtengo wa sopo mwezi uno, zipatso zake ndi za zaka zisanu kutsogolo, koma ndi zomwe zimachepetsa njala ya madola ija.

Ngongole ndi kagwiritsidwe ntchito ka ndalama za boma

Iyi ndi njira yopanda riboni yodula, palibe gule, palibe nsalu ya chipani, nchifukwa chake andale saikonda. Koma popanda iyi zina zonse zili ngati kutunga madzi ndi dengu. Boma likamawononga zoposa zomwe latolera limakabwereka kumabanki a konkuno, chiwongola dzanja cha Reserve Bank chinafika pa 26 peresenti mu 2024, mabanki nkuona kuti kubwereketsa boma ndi kokoma kuposa kubwereketsa mlimi wa mthirira kapena mnyamata wofuna kutsegula shopu ya matabwa. Wabizinesi wamng'ono amathera kwa katapila. Ndipo chiwongola dzanja chokha cha ngongole za boma chikudya pafupifupi kota ya bajeti, ndalama zomwe zikanagula mankhwala ndi chimanga. Ndalama zikachuluka mmanja katundu ali yemweyo, mitengo imakwera, kwacha imafooka.

Mgwirizano wa ngongole wa November 2023 ndi IMF, bungwe loona za chuma padziko lonse, unali wa madola pafupifupi 175 miliyoni, tinangolandira 35 miliyoni, unatha mu May 2025 osafika kumapeto. Anthu ambiri akamva IMF amakumbukira kugwetsa kwacha, ndipo ali ndi chifukwa, zinawawa mu 2012 nthawi ya mayi Joyce Banda, zinawawanso mu 2023. Koma chomwe chinalakwika mu 2023 ndi choti anthu wamba anamwa mankhwala owawa pomwe boma silinachepetse kubwereka, ndiye patangopita miyezi mtengo wa pa bulaki unathawanso. Kugwetsa kwacha kopanda kudziletsa ndi kuzunza anthu pachabe. Komanso kusunga mitengo iwiri ya dola nakonso kumapweteka, wolima soya kapena wa makadamiya amene akukakamizidwa kusintha gawo la madola ake pa mtengo wa kubanki pomwe zipangizo akugula pa mtengo wa pa bulaki amafooka kapena amazembetsa katundu, abale athu a ku Joni ndi ku UK nawo ndalama zotumiza kumudzi sadutsitsa kubanki. Amene amapindula ndi amene ali ndi mnzake woti amupezere dola yotchipa nkukaigulitsa panja.

Kudziletsa kwake kuyambire kumwamba. Maulendo akunja a anthu ambirimbiri, magalimoto atsopano a akuluakulu, ma alawansi a misonkhano ya kunyanja, makontirakiti okwezedwa mitengo. Ena amati zimenezi ndi ndalama zochepa poyerekeza ndi bajeti yonse, mwina, koma pa Cashgate yokha, kubedwa kwa ndalama za boma kwa mu 2013, kafukufuku anapeza K24 biliyoni itasowa mmiyezi isanu ndi umodzi, ndipo kuyambira pamenepo abwenzi akunja anasiya kuthira ndalama mwachindunji mu bajeti kwa zaka zambiri. Komanso sungauze nesi kuti apirire iwe ukusintha galimoto. Za migodi, Kayelekera ku Karonga, Kasiya ku Lilongwe, Kangankunde ku Balaka, zikhoza kubweretsa madola ndithu, koma zimenezo zidalira mapangano omwe asainidwa, ndipo mapanganowo akuyenera kuikidwa poyera aphungu ndi anthu awawerenge. Tisadye ndalama za mgodi tisanazione.

Ndiye mukandifunsa ndondomeko, ine ndiyamba ndi ziwiri limodzi, kuchepetsa kubwereka ndi kukonza nkhani ya dola mbali imodzi, nkhokwe zogula mu April ndi masikimu a mthirira mbali inayo. Mtukula Pakhomo, phala ndi mankhwala zikwezedwe nthawi yomweyo chifukwa kukonza chuma kumayamba ndi kuwawa ndipo amene amayamba kumva ndi osauka. Magetsi ndi njanji zipitirire osaimitsidwa boma likasintha. Sabuside itsike pang'onopang'ono, malipiro adzitsatira mitengo, kulamula mitengo kusiyidwe.

Ndondomeko imeneyi ili ndi amene iwapweteke ndipo sindikubisa. Mlimi wa ku Ntchisi kapena ku Mzimba amene ali kutali ndi mtsinje, amene sali osaukitsitsa moti nkulowa Mtukula Pakhomo komanso sangakwanitse thumba la pa shopu, akachotsedwa pa kuponi amagwera pakati. Ameneyo ndi amene akufunika ngongole ya zipangizo yobweza pokolola kudzera mu kalabu kapena kopaletivi, mbewu ya nyemba ndi soya, mlangizi wofika pamunda, ndi msika wa ADMARC wotsegula nthawi yokolola kuti zomwe wapeza asagulitse motaya. Zinthu zimenezi zikuyenera kufika kaye dzina lake lisanachotsedwe mkaundula, apo ayi chaka chotsatira akolola zochepa ndipo boma lidzamugulira chimanga chomwecho ku Zambia kapena ku Tanzania ndi madola.